Nyenyezi ya pa Salaula: Mbiri ya Howard Mwikuta

Kusukulu kumene ndimaphunzitsa ku Matero tili ndi tsiku limodzi pa temu limene ana amasiya yunifomu kunyumba n'kubwera ndi zovala zawo. Pa tsiku lina loterolo, mnyamata wa Giredi 9 analowa m'kalasi atavala sikipa yotuwa, yaikulu ngati ya atate ake, yokhala ndi nyenyezi imodzi ya buluu pachifuwa. Pansi pa nyenyeziyo panalembedwa kuti Dallas Cowboys.

Mnyamatayu ndinali nditamusowa milungu iwiri. Iye ndiye ankagoletsa zigoli m'timu ya sukulu, ndipo anzake anandiuza kuti anapita kukayesedwa ku akademe ina ya mpira. Anyamata anafika ambiri, osankhidwa anali ochepa, ndipo dzina lake silinaitanidwe. Kuchokera tsiku limenelo anangodzitsekera m'nyumba. Kusukulu anabwera chifukwa amayi ake anachita kumuperekeza mpaka pageti.

Za kuakademe sindinamufunse. Ndinamufunsa za sikipa.

"Nyenyezi iyo ni ya timu iti?"

"Ni salaula chabe, ba ticha. Amai ananigulira ku Soweto."

"Uziba kuti kuli kaputeni wa Zambia amene anavalako nyenyezi iyo?"

Kalasi yonse inaseka. Mtsikana wina wokhala kumbuyo anati, "Ba ticha, bola ija ya pa TV yamene bagwetsana monga ng'ombe? Munthu wa kuno angaisewere bwanji?"

Dzina lake anali Howard Mwikuta, ndipo m'kalasi monse munalibe amene anali atalimvapo. Ine ndinalimva kwa agogo anga aamuna, amene anagwira ntchito ya njanji ku Kabwe asanadzakhale kuno ku Matero. Iwo akayamba kutchula osewera a nthawi ya ufulu ankawandandalika ngati akuwerenga ana awo: Zoom Ndhlovu, Dickson Makwaza, Ginger Pensulo, Emment Kapengwe, Freddie Mwila, ndiye pomalizira, poti anali wa timu yawo, Mwikuta. Ndili mwana ndinkaziyesa nkhani za okalamba chabe. Nditakula ndinalitsata dzinalo, ndipo linandifikitsa kutali kumene agogo sanandifikitseko. Zimene ndinauza ana tsiku lija ndi zimene ndikulemba pano.

Mwana wa njanji

Howard Mwikuta anabadwira ku Ndola mu 1941, dziko lino likali kutchedwa Northern Rhodesia. Inali nthawi imene munthu wakuda akafuna nyama kubutchala ya m'tauni ankagulira pakawindo ka kumbali, pakhomo pakulowa azungu okha. Mpira nawonso unali wogawanika. Azungu anali ndi mabungwe ndi mabwalo awo, anthu akuda anali ndi awo. Matimu ambiri a anthu akuda ankasungidwa ndi makampani a migodi ndi a njanji. Mabwanawo sankafuna kupanga akatswiri ayi. Ankafuna kuti antchito akaweruka akhale ndi chochita, asathere nthawi kumowa kapena kumisonkhano ya ndale. Komabe m'mabwalo afumbi amenewo ndi mmene munaphukira mpira wa dziko lino.

Akali mnyamata, Mwikuta anapita ku Broken Hill, tauni ya mgodi wa mtovu ndi ya njanji, imene lero timaitcha Kabwe. Analowa timu ya anthu a njanji, Broken Hill Warriors, ndipo ankasewera kumbuyo, ntchito yake kutchinga. Wosewera wakumbuyo satchuka msanga. Anthu amaimbira wogoletsa, koma wotchinga amamukumbukira tsiku limene walakwitsa. Kuti wotchinga adziwike dziko lonse pamafunika zaka za kusalakwitsa.

Mu 1962 kunayamba ligi ya dziko lonse yosasankha mtundu wa munthu, ndipo Roan United ya ku Luanshya ndiyo inatenga chikho choyamba. Ligiyo inkatchedwa National Football League. Dzina limeneli mulisunge, tikumana nalonso kutsidya kwa nyanja.

Pa 24 Okutobala 1964 mbendera ya Zambia inakwezedwa ku Independence Stadium, mtunda woyenda ndi miyendo kuchokera ku Matero. Pa zikondwerero za ufulu panalinso masewero a mpira, ndipo Mwikuta anali m'timu yoyamba kusewera ndi dzina la Zambia. Mu 1966 anapatsidwa ukaputeni wa timu ya dziko, ndipo chaka chomwecho anasankhidwa kukhala wamasewera wopambana onse m'dziko. Anali ndi zaka 25.

Musaganize za ndalama zimene mumamva lero. Osewera athu a nthawi imeneyo sankadya mpira wokha. M'mawa ankapita kuntchito, kumgodi, kunjanji kapena kusukulu kukaphunzitsa, madzulo n'kukathamanga kubwalo. Ulemu unalipo wochuluka, koma ulemu sugula unga. Ndiye pamene kunamveka kuti kuli dziko lina kumene munthu angalipidwe chifukwa cha mpira basi, nkhaniyo sinali yaing'ono.

Ulendo wa ku Atlanta

Mu 1966 Chikho cha Dziko Lonse chinachitikira ku England, ndipo masewero omaliza anaonetsedwa pa TV ku America. Anthu andalama kumeneko ataona khamu la pa Wembley anaganiza kuti mpira wamiyendo ungawabweretsere phindu. Mu 1967 anayambitsa maligi awiri nthawi imodzi, m'dziko limene munalibe osewera okwanira. Anayenera kukawatenga kunja.

Mumzinda wa Atlanta, eni ake a timu ya baseball ya Atlanta Braves anakhazikitsa timu ya mpira wamiyendo yotchedwa Atlanta Chiefs. Analemba ntchito Phil Woosnam wa ku Wales, amene anasewerako West Ham ndi Aston Villa, kuti asonkhanitse osewera. Woosnam anatenga ena ku Britain, ena kuzilumba za Caribbean, ena ku Africa. Ku Zambia kunachokera atatu: Kapengwe wa Kitwe United, Mwila wa Rhokana United, imene lero ndi Nkana, ndi kaputeni wa dziko, Mwikuta. Atatuwa ali m'gulu la anthu oyamba a dziko lino kukalipidwa kunja chifukwa cha mpira.

Taganizirani kumene anakatera. Atlanta ili kumwera kwa America, chigawo chimene tsankho linali lokhwima kwambiri. Lamulo loletsa kusankha anthu m'mahotela, m'malo odyera ndi m'malo ena a anthu onse linasainidwa mu Julayi 1964, miyezi itatu chabe Zambia isanalandire ufulu. Munthu amene anakula akuona kawindo ka kubutchala anafika mumzinda umene zikwangwani zolekanitsa akuda ndi oyera zinali zitangozulidwa kumene. Atlanta unalinso mzinda wa kwawo kwa Martin Luther King Jr. Iye ataphedwa ku Memphis pa 4 Epulo 1968, maliro ake anachitikira ku Atlanta pa 9 Epulo, bokosi lake litanyamulidwa pangolo ya kumunda m'misewu ya mzindawo.

Chaka chomwecho cha 1968, maligi awiri aja ataphatikizana kukhala North American Soccer League, Atlanta Chiefs inatenga chikho itagonjetsa San Diego Toros. Inagonjetsanso Manchester City, akatswiri a England a chaka chimenecho, kawiri konse: koyamba 3-2, kachiwiri 2-1. M'timu imeneyo munalinso mnyamata wa ku Soweto, osati msika wathu uno koma komboni ya ku Johannesburg. Dzina lake Kaizer Motaung. Atabwerera kwawo anayambitsa timu yake mu 1970, n'kuipatsa dzina lake ndi la timu ya ku Atlanta. Inu amene mumavala jezi yachikasu ya Kaizer Chiefs ku Chawama ndi ku Kanyama, dziwani kuti theka la dzinalo linachokera kutimu imene munasewera anthu atatu a ku Zambia.

Woosnam ankadziwa kuti anthu a ku Atlanta saudziwa mpira wamiyendo. Choncho osewera ake sankangosewera basi. Pakati pa mlungu ankawatumiza m'masukulu ndi m'mabwalo a ana kukaphunzitsa kuimitsa mpira, kupatsirana ndi kumenya ndi mutu. Kwa wosewera wa timu ya dziko, kuthera masana ndi ana osadziwa n'komwe kuti mpirawo sagwira ndi manja kukanaoneka ngati ntchito yonyozeka. Muona kutsogoloku kuti kwa Mwikuta ntchito imeneyi inadzakhala yofunika kuposa chikho.

Paja walira mvula walira matope. Anthu odzaonerera anali ochepa, mabwalo akuluakulu ankakhala ndi mipando yambiri yopanda anthu, ndipo eni matimu anataya ndalama. Ligi imene inali ndi matimu 17 mu 1968 inatsala ndi matimu 5 mu 1969. Osewera ambiri ochokera kunja anadzuka alibe ntchito. Kapengwe ndi Mwila anapeza khomo lina. Mu 1969 anasaina ku Aston Villa ku England, koma anasewerako masewero owerengeka n'kubwerera kwathu kuno.

Kumudzi nako zinthu sizinadikire. Kabwe Warriors inatenga chikho cha ligi koyamba mu 1968, chaka chimodzi Mwikuta atachoka. Inatenganso mu 1970, mu 1971 ndi mu 1972, chaka chimene Godfrey Chitalu anagoletsa zigoli 107. Munthu amene analima munda wa Warriors zaka zonse zija sanalipo pa nthawi yokolola.

Mwikuta anatsala ku America n'kulowa sukulu. Anapita ku Morris Brown College ku Atlanta komweko, koleji ya anthu akuda imene inakhazikitsidwa mu 1881 ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, AME yomwe ija ili ndi matchalitchi m'makomboni athu. Kaputeni wa dziko, zaka zikuyandikira 30, anakhala padesiki. Ndipo kolejiyo inali ndi timu ya mpira wina uja, wa ogwetsana.

Mpira wa manja wofuna phazi

Kwa inu amene mumangouona pa TV mukudikira masewero a ku England, mpira wa ku America umayenda motere. Mbali iliyonse imakhala ndi anthu 11. Mpira wake ndi wosongoka uku ndi uku ngati chipatso cha mlambe. Timu imene ili ndi mpira imapatsidwa mipata 4 kuti ipite patsogolo mayadi 10, pouponya kapena pothamanga nawo, kwinaku adani akuyesetsa kugwetsa amene waunyamula. Ikakwanitsa imapatsidwa mipata ina 4. Kufika nawo kumapeto kwa bwalo, chimene amachitcha touchdown, kumapatsa mapointi 6.

Koma nthawi zina timu imafika pafupi n'kukanika kubowola. Apo imaitana munthu mmodzi amene wakhala pabenchi nthawi yonseyi. Mnzake amauimika mpira pansi ndi chala, iye n'kuumenya kuti udutse pamwamba pa mtanda, pakati pa mizati iwiri italiitali. Ukadutsa ndi mapointi 3. Zonsezi zimachitika m'masekondi osakwana 2, amuna olemera kuposa matumba awiri a simenti akuthamangira kudzatchinga. Munthu womenyayu amamutcha kicker. Masewero amatha maola atatu, koma iye amaponda m'bwalo kanthawi kochepa kwambiri. Akalakwitsa, dziko lonse limamuona.

Kwa zaka zambiri anthu a ku America ankaumenya mpirawo ndi zala za kuphazi, atavala nsapato ya mphuno yafulati, akuuthamangira molunjika. Mu 1964 Pete Gogolak, amene banja lake linathawa ku Hungary iye ali mwana, analowa timu ya Buffalo Bills n'kuyamba kuumenya chammbali, ndi kumtunda kwa phazi, mmene mwana aliyense wa ku George kapena ku Kalingalinga amamenyera chimpombwa. Anthu anaona kuti mpira ukupita patali. Kunatsatira Garo Yepremian wa ku Cyprus mu 1966, ndi Jan Stenerud wa ku Norway mu 1967. Matimu anayamba kusakasaka anthu odziwa mpira wamiyendo, ndipo Dallas Cowboys inali imodzi mwa osaka kwambiri.

Mwikuta anamenyera timu ya Morris Brown, ndipo mu 1970 Dallas Cowboys inamusainitsa. Ligi imene Cowboys imaseweramo dzina lake ndi National Football League, mwachidule NFL. Mwana wa ku Ndola anachoka mu National Football League imodzi n'kukagogoda pakhomo la inzake, dzina limodzimodzi, masewera osiyana kotheratu.

Mpando umodzi

Nditafika pamenepa ana anayamba kuwomba m'manja. Ndinawaletsa, chifukwa nkhani inali isanathe.

Munthu akasaina ku NFL amakhala asanaipeze ntchito. Amakhala wangololedwa kukailimbirana. Chaka chilichonse, nyengo ya ligi isanayambe, timu imasonkhanitsa osewera ochuluka kumsasa wokonzekera. Cowboys inkachitira msasa wake ku Thousand Oaks ku California. Kumeneko amathamanga, amayesedwa, amasewera masewero okonzekera ndi matimu ena, ndipo mlungu ndi mlungu ena amauzidwa kuti alongedze. Nthawi imeneyo timu inkaloledwa kutsala ndi anthu 40, ndipo pa anthu 40 amenewo mpando wa kicker unali umodzi. Pampandopo panali kale munthu, Mike Clark, amene anali akumenyera Cowboys kuyambira mu 1968. Mphunzitsi wamkulu wa timuyo, Tom Landry, anali atamuzolowera.

Mwikuta anavala chipewa cholimba cha nyenyezi ya buluu n'kulowa m'bwalo m'masewero okonzekerawo. N'chifukwa chake olemba mbiri amamutchula kuti ndiye munthu woyamba wobadwira ndi kukulira mu Africa kuonekera m'masewero a timu ya NFL. Koma nyengo yeniyeni isanayambe, anamuchotsa. Masewero a ligi sanasewereko ngakhale amodzi.

Kusintha kumeneku ndimakuganizira kawirikawiri. Ku Kabwe ndi ku Lusaka m'bwalo munkalowa munthu wathunthu: mutu wowerenga masewero, mawu olamula anzake, chifuwa chopirira mphindi 90. Ku Dallas ankafunako phazi limodzi chabe, kwa masekondi awiri. Ndipo pomaliza anati phazi tili nalo kale.

Nyengo imeneyo Cowboys inafika mu Super Bowl, masewero omaliza a ligi, amene anachitika pa 17 Januwale 1971 ku Miami. Inagonja kwa Baltimore Colts 16-13. Chimene chinaigwetsa ndi kumenya kumodzi kwa kicker wa Colts, Jim O'Brien, kutatsala masekondi 5. Chaka chomwecho cha 1971 anthu a Cowboys anapita ku Ulaya kukasaka phazi lina, ndipo anabwerako ndi Toni Fritsch wa timu ya Rapid Vienna, amene anagoletsa zigoli ziwiri pamene Austria inagonjetsa England pa Wembley mu 1965. Iyenso mpira wosongokawo unali wachilendo kwa iye, koma anakhala mu NFL zaka zoposa 10. Ganizo lotenga wosewera wa timu ya dziko n'kumusandutsa kicker linali labwino ndithu. Linagwira ntchito chaka chotsatira, pa munthu wina.

Patapita zaka, ena ochokera ku Africa analowa pakhomo lija n'kukhala. Gary Anderson, wobadwira ku South Africa, anayamba kumenyera Pittsburgh Steelers mu 1982. Obed Ariri ndi Donald Igwebuike a ku Nigeria anamenyera Tampa Bay, wina mu 1984, mnzake kuyambira mu 1985. Christian Okoye wa ku Enugu analowa Kansas City Chiefs mu 1987, iye monga wonyamula mpira. Lero mayina a ku Nigeria ndi ku Ghana ali mbwee mu NFL. Woyamba kugogoda uja ndi amene sanalowe.

Zaka 18 zotsala

Mtsikana wa kumbuyo uja anakweza dzanja. "Manje ba ticha, pamene banamuchosa anachita chani?"

Funso limeneli ndi limene ndinkadikira, chifukwa mbiri zambiri za amasewera zimathera tsiku limene munthu wavula jezi, ngati kuti wafa tsiku lomwelo.

Mwikuta anali ndi zaka 29. Anabwerera kumpira wake woyamba, tsopano monga mphunzitsi, mumzinda womwewo wa Dallas umene unamukana. M'zaka za m'ma 1970 anaphunzitsa timu ya mpira wamiyendo ya Southern Methodist University, pa nthawi imene masewerawa anali achilendo m'makoleji a ku Texas, dera limene mpira wa ogwetsana uli ngati chipembedzo. Timu imeneyo inadzakhala imodzi mwa zolimba m'makoleji a ku America. Mu 1994 Dallas inalandira masewero a Chikho cha Dziko Lonse pabwalo la Cotton Bowl, bwalo lomwelo limene Cowboys inkasewerapo mu 1970. Mpira wamiyendo unalowa pakhomo limene phazi la Mwikuta linabwezedwa. Iye sanazione. Anamwalira mu Febuluwale 1988 ali ndi zaka 46.

Zaka 18 za pakati pa 1970 ndi 1988 zilibe khamu loimba dzina lake, komabe ndi zochuluka kuposa zaka zimene anasewera ku Atlanta ndi ku Dallas kuziphatikiza pamodzi. Ine monga mphunzitsi ndi zimene ndimaziyang'ana kwambiri. Ligi inagwa, munthu anatsala chilili. Cowboys inamukana, anatsalabe chilili. Chinamuimika ndi zinthu ziwiri zimene pa nthawi yake zinkaoneka zazing'ono: masana aja ophunzitsa ana a ku Atlanta, ndi kulolera kukhala padesiki ali kale munthu wotchuka.

Amene tilibe powaika

Ife a ku Zambia timadziwa kukumbukira. Mwana aliyense amadziwa za ndeke imene inagwera m'nyanja ku Gabon mu Epulo 1993 n'kupha anthu 30, ndipo manda awo ali pafupi ndi Independence Stadium, timawadutsa pa minibasi. Amadziwa za usiku wa mu Febuluwale 2012 ku Libreville, pamene Stoppila Sunzu anamenya penoti yomaliza, Zambia n'kugonjetsa Ivory Coast 8-7. Timakumbukira amene anafera panjira, timakumbukira amene anabwera ndi chikho. Amene tilibe pomuika ndi munthu amene anayesa, anakanidwa, n'kudzuka mawa lake kukafuna chochita china. Chonsecho ambiri a ife ndife a mtundu umenewo.

Zoona, lero njira ya kunja ndi yotakata kuposa kale. Patson Daka anapita ku Leicester mu 2021. Mu 2024 Racheal Kundananji anasaina ku Bay FC, ndipo Barbra Banda, mwana wa Lusaka yino, anapita ku Orlando Pride n'kutenga chikho cha ligi ya akazi ya ku America chaka chomwecho. Njira ya ku America imene atsikanawa akuyendamo, oyamba kuilambula anali anthu atatu aja a mu 1967. Koma mukumbukirenso Enock Mwepu. Mu Okutobala 2022, ali ku Brighton, ali ndi zaka 24 zokha, madokotala anamupeza ndi vuto la mtima ndipo anasiya kusewera. Chakudza sichiimba ng'oma.

Sindikuti musiye bola. Ine ndemwe ndimanyamula thumba la mipira ya timu ya sukulu Lachitatu madzulo, ndipo mwana wanga wa m'kalasi akadzavala jezi ya dziko ndidzafuula kuposa wina aliyense. Chimene ndikunena n'chakuti pabwalo lililonse la ku Mtendere, ku Chawama ndi ku Kanyama pali anyamata ndi atsikana ochuluka, koma mipando ndi yochepa. Kukanidwa nthawi zambiri sikusonyeza kuti ulibe luso. Kumangosonyeza kuti pampando pali kale Mike Clark. Zimenezo sungazilamulire. Chimene ungachikonzekere ndi Lolemba lotsatira: udzadzuka kupita kuti, uli ndi chiyani m'manja. Kwa wina ndi satifiketi, kwa wina ndi ntchito ya manja, kwa wina ndi luso lophunzitsa anzake mpira womwewo. Kaputeni wa dziko anachifuna chinthu chachiwiricho. Nanga iwe ndi ine?

Belu litalira ana anatuluka, koma mnyamata wa sikipa uja anatsala akunamizira kumanga nsapato.

"Ba ticha, ndiye kuti banamuchosa zoona?"

"Banamuchosa."

"Kaputeni wa Zambia?"

"Kaputeni wa Zambia."

Anayang'ana nyenyezi ya pachifuwa pake kwa kanthawi. Kenako anandipempha kuti ndimulembere dzinalo pabolodi, ndipo analikopera kumbuyo kwa kope lake la masamu.

Lolemba anabwera. Anafika mochedwa, ntchito ya kunyumba asanalembe, ndipo ndinamukalipira monga ndimakalipira wina aliyense. Koma anabwera, ndipo mayeso a Giredi 9 analemba. Mpira akusewerabe, ndipo akuti kuakademe adzapitanso kukayesedwa. Ndinamuuza kuti apite.

Inu mukadzapita ku Soweto kapena ku City Market n'kupeza pamulu wa salaula sikipa ya nyenyezi imodzi ya buluu, gulani ngati mtengo uli bwino. Wina akadzakufunsani kuti ndi ya timu iti, mudzamuuze kuti ndi ya Dallas Cowboys, timu imene mu 1970 inayesa Howard Mwikuta wa ku Ndola, kaputeni wa Zambia, n'kumukana. Mudzamuuzenso zimene anachita pambuyo pake.